Nyimbo Imene aTembo Analota

Mawu anga sanabwererebe. Ndikulemba izi kapu ya madzi ofunda a mandimu ili pambali, ndipo mayi a kunyumba akuti pakhomo payamba kukoma chifukwa palibe wowatsutsa. Asiyeni aseke. Mawuwo ndinawasiya ku Sinda Loweruka lapitali, ndipo sindikudandaula ngakhale pang'ono. Chiyambire kuimba besi m'kwaya ya mpingo wathu, kuno kumidzi ya kufupi ndi Katete, sindinasangalalepo ngati tsiku limenelo.

Koma ndiyambe ndi mlamu wanga, chifukwa nkhani yonse ndi yake.

Mng'ono wanga anakwatira chaka chino titangomaliza kukolola. Mkazi wake ndi Dailesi, wa ku Vubwi, kufupi ndi malire, ndipo makolo ake analola kuti abwere kuchitengwa kuno kwathu. Ndi munthu wofatsa, wosachuluka zonena, koma manja ake akangogwira ntchito pakamwa sipakhala chete. Akamaswa nsawa amaimba, akamachapa amaimba. Sakweza mawu ayi, amangodziimbira yekha motsitsa. Bambo ake, aMwale, ndi kwayamasitala wa mpingo wa kwawo, ndipo nyimbo amapeka okha. Dailesi anakulira m'kwaya imeneyo akuimba aluto. Kuno anali asanalowe m'kwaya yathu, pajatu mkwatibwi sathamangira kukaima kutsogolo kwa tchalitchi anthu asanamuzolowere.

Kuseri kwa mpanda wa udzu wa mng'ono wangayo kuli nyumba ya aTembo, kwayamasitala wathu. Zimenezi muzisunge, tizifuna kutsogoloku.

Inu amene simuimba kwaya mwina simudziwa mmene timakhalira. Chaka ndi chaka makwaya a mipingo yathu ya ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi amasonkhana malo amodzi, ndipo kwaya iliyonse imabwera ndi nyimbo yatsopano imene munthu sanaimvepo. Akulu a mpingo amati si mpikisano. Zoona, palibe chikho, palibe mphotho. Koma kwerani lole yobwerera kumudzi mumve ngati pali mmodzi amene sakudziwa kwaya imene yapambana.

Ndiye nyimbo yatsopano timaibisa kuposa mmene timabisira mbewu nthawi ya njala.

Tsiku lina aTembo anafika ku pulakatisi nkhope ikuwala. "Abale, Mulungu wandikumbukira," anatero. "Ndalota nyimbo."

Palibe anadabwa. Makwayamasitala onse amalota msonkhano ukayandikira, ndipo woimba wanzeru safunsa kuti anagona kuti. Anatiphunzitsa mawu ake, ndipo mawuwo anatigwira mtima tonse, ife alimi: "Ndisungeni, Mbuye, ngati mbewu ya m'nkhokwe, kufikira mvula yanu idzagwe." Ndani wa ife sadziwa kusunga mbewu ana akulira njala?

Koma kaimbidwe kake kanali kachilendo. Nyimboyo sinkakwera, sinkatsika kwenikweni, inkangoyenda pakatikati. Mayi Sakala, amene amatsogolera sopulano ndipo amakonda malo okwera pamene mpingo wonse umawacheukira, anapirira masabata angapo kenaka analephera.

"Amasitala, kodi nyimboyi ikwera liti? Tangoyenda m'dambo kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

"Manje iyi ndiye sitayelo ya masiku ano, amayi," anayankha aTembo, amene anakhalako pa boma ali mnyamata ndipo safuna kuti tiiwale. "Inu mufuna zija zakudala zokuwa."

Anatipangira ife a besi mawu athu, a tena awo, a aluto awo, zonse kuzimanga mozungulira kanyimbo kosakwera kaja. Tinkaphunzira mazenera a tchalitchi ali otseka, thukuta lili kamukamu. Mafoni onse ankaikidwa m'lichero pakhomo. Potuluka aTembo ankatilumbiritsa kuti wina asayerekeze kuing'ung'udza panjira, kudimba kapena kubafa. Tinamvera. Tinabisa bwino kwambiri moti mlamu wanga, amene ndimadya naye pakhomo limodzi, sanamve ngakhale mzere umodzi.

Loweruka tinakwera lole mbandakucha, mayunifomu ali m'mapepala kuopa fumbi. Dailesi anabwera nawo pamodzi ndi mwamuna wake, atanyamula chigubu cha thobwa. Anali asanaonane ndi bambo ake chichokere tsiku la ukwati, ndipo thobwalo anaphika yekha, la bambo akewo. Njira yonse anali atachifungatira pamiyendo, osalola munthu kuchikhudza. Ine ndinapempha kulawa, anandiyankha kuti alamu akulu amamwa zotsala.

Ku Sinda tchalitchi chinali chitadzaza, ena ali m'mazenera, ena pansi pa mitengo ya mango. A ku Vubwi, poti kwawo ndi kutali, anafika mochedwa mapemphero atayamba kale, n'kungolowa kukakhala pa mabenchi awo osapatsana moni ndi aliyense. Makwaya anayamba kuimba. Dzina lathu linaitanidwa chakudya chamasana chisanakwane, a ku Vubwi asanaimbe.

Tinalowa ndi sitepe yathu, mapewa akuyendera limodzi, ndipo ndikuuzeni, tinkaoneka bwino. ATembo anakweza dzanja. Tinayamba.

Ife a besi timaima kumbuyo, ndipo kumbuyoko munthu amaona zambiri. Tisanamalize ndime yoyamba ndinaona chinthu chodabwitsa: amayi a aluto a ku Vubwi milomo yawo ikuyenda pamodzi ndi yathu. Nyimbo yolota aTembo, yobisa m'mazenera otseka, anthu ochokera kumalire akuidziwa mawu ndi mawu. AMwale, amene anakhala pa benchi yawo yakutsogolo, anadzuka pang'ono, n'kukhalanso. Sankayang'ana ife. Maso awo ankafufuza mbali ya amayi, mpaka anapeza amene ankamufuna. Ndinatsata maso awowo, ndipo ndinaona mlamu wanga ataphimba nkhope ndi chitenje.

Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira mpanda wa udzu uja.

Tinamaliza, anthu anaomba m'manja mwaulemu, tinatuluka. Nthawi ya chakudya ine ndi mng'ono wanga tinaperekeza Dailesi kumene kunakhala a ku Vubwi, pafupi ndi lole yawo. Iye anathira thobwa m'kapu, anagwada pamaso pa bambo ake, n'kupereka ndi manja awiri.

AMwale sanatambasule dzanja.

"Thobwa limeneli kawapatse amene wawapatsa nyimbo yanga," anatero, osakweza mawu. "Ndinakuuza chiyani tsiku lija unkakwera galimoto? Ndinati nyimboyi isatuluke mpaka tsiku lake. Ndaivutikira dzinja lonse. Anthu awa asiya ntchito zawo, abwera mtunda wonsewu. Tikaimirira tsopano, mpingo wonse unena kuti a ku Vubwi aba nyimbo ya a ku Katete. Wafuna kukondweretsa apongozi ako ndi thukuta la bambo ako?" Kenaka anatembenukira kwa anthu ake. "Mukamaliza kudya tikwere lole. Ife lero sitiimba."

Mtima wanga unawawa. Nyimbo ndi nyimbo, ina ikhoza kupekedwa. Koma mwana wamkazi amene bambo ake akana kapu m'manja mwake anthu akuona, ndiye n'kubwerera naye kuchitengwa, chilonda chimenecho amagona nacho zaka.

Amene anayankhula ndi Dailesi yemwe, akadali chogwada, kapu ili m'manja.

"Atate, kulakwa ndalakwa. Ndimaimba poswa nsawa, sindinadziwe kuti kuseri kwa mpanda kuli makutu. Koma mwamvetsera bwino zimene aimbazi? Ndi aluto yokha. Ndi mawu anga aja munandiphunzitsa. Mutu wa nyimbo sunatuluke pakamwa panga ngakhale tsiku limodzi. Umenewo ndi wa a sopulano, si wanga."

AMwale anatsinzina, chala chawo chikuyenda m'mwamba pang'onopang'ono, monga amachitira makwayamasitala akamaimba chamumtima. Atatsegula maso anafunsa kuti kwayamasitala wa ku Katete ali kuti. ATembo sanali patali. Anali kuseri kwa lole, mwina mwa chizolowezi.

"Amasitala anzanga, tandiimbireni zimene amaimba a sopulano anu."

ATembo anakhosomola, n'kuimba kanyimbo kathu kosakwera kaja.

"Basi? Pamwamba pake palibe china?"

"Ndi momwe inabwerera," anayankha aTembo, maso ali pa nsapato.

Mapewa a aMwale anayamba kugwedezeka. Poyamba ndinaganiza kuti ndi mkwiyo, koma kunali kuseka, kuseka kwa munthu amene sakufuna kuseka. "Akuluakulu," anatero, "mwaba nyumba n'kusiya denga."

Mwamva kodi chimene chinachitika? Nyimbo ya kwaya ili ndi mawu anayi, ndipo amene anthu amawatcha nyimbo, amene mumaimba pobwerera kunyumba, ndi a sopulano. Aluto ntchito yake ndi kuyenda pansi pa sopulano, kuichirikiza. ATembo anamva aluto pampanda, n'kuyesa kuti ndiyo nyimbo yonse. Ife tinakhetsa thukuta miyezi yathunthu kukongoletsa mawu ochirikiza, Mayi Sakala akudikira phiri limene linatsala ku Vubwi. Nyimbo yeniyeni ya aMwale inali isanamveke m'tchalitchimo, ndipo mwana wawo anali ataisunga ndithu.

Mayi wina wa ku Vubwi, wa aluto, ndi amene anaponya mawu otsatira. "Amasitala, ife tinene zoona. Chichokere Dailesi aluto yathu ndi yofooka. A sopulano amatimiza."

AMwale anatiyang'ana ife a ku Katete, amene tinali titaunjikana pamenepo tsopano. "Mwa inu, ndani akudziwa mawu amene aimba amasitala anuwa?"

Tonse tinkawadziwa. Tinawamva kambirimbiri mazenera ali otseka, moti ngakhale ife a besi tikanawaimba tili m'tulo.

"Chabwino. Zonse zimene anawonjezera amasitala anu muziiwale. Muima kumbuyo kwathu, nonse muimba aluto, amuna ndi akazi omwe. Iwe Dailesi, dzuka, uima patsogolo pawo uwatsogolere."

Kapu ija sanailandirebe. Dailesi anaiika pansi pa lole pamthunzi, n'kuivundikira ndi mbale. Tinayeserera kamodzi kokha, monong'ona, nsima ikuzizira.

Atatiitana, mkulu woyendetsa mwambo anadabwa kuona mayunifomu a mitundu iwiri akulowa pamodzi. AMwale anapempha kunena mawu. Anati nyimbo imene anthu anamva m'mawa anaipeka ndi iwo, kuti a ku Katete anabwereka mbali imodzi osapempha, ndipo tsopano mpingo umva yonse. Anthu anaseka, aTembo anaweramitsa mutu, ndipo dzanja la aMwale linakwera.

Dailesi anayamba, ife tinamutsata. Kanali kanyimbo kathu komwe kaja, koyenda m'dambo. Kenaka a sopulano a ku Vubwi analowa pamwamba pathu.

Abale, ndilembe bwanji? Malo onse amene tinkaona ngati nyimbo yathu yaima popanda chifukwa, ndi pamene iwo ankakwera. Pamene tinkakoka mawu amodzi mpaka mpweya kutha, tikudandaula chamumtima, iwo ankazungulira pamwamba pake n'kubwera kudzatera pa ife. Pa mawu aja akuti "kufikira mvula yanu idzagwe" a sopulano anakwera, n'kukweranso, a besi awo akugunda pansi, ife gulu lonse la aluto tili pakati tagwira nyimboyo kuti isagwe. Mayi Sakala, amene moyo wawo wonse sanaimbepo aluto, misozi inali chuchuchu, ndipo ndinawamva akunena pakati pa ndime kuti, "Ndi apa imakwerera."

Nthungululu inayambira kumbuyo kwa tchalitchi. Amayi anaimirira, mipango ili m'mwamba. Abusa amene anali atayamba kusinza ndi kukhuta anadzuka n'kuyamba kuponda sitepe. Pobwereza kachitatu tchalitchi chonse chinali chikuimba, a m'mazenera ndi a pansi pa mango omwe, ndipo aMwale anasiya kutiyang'ana ife, n'kutembenuka kuyamba kuimbitsa mpingo wonse. Ine ndinaiwala kuti ndine wa besi. Ndinathamangira kumwamba kumene mmero wanga sunafikeko chibadwire, ndipo mawu anga anathera komweko.

Titatuluka, anthu akutikumbatira osasankha yunifomu, aMwale sanaime kulandira moni wa aliyense. Anapita molunjika ku lole, anawerama, anavundukula mbale ija. Kenaka anaitana mwana wawo, anamupatsa kapuyo, n'kunena kuti, "Undipatsenso bwino." Dailesi anagwada. AMwale anamwa thobwa lonse osapuma, n'kupempha lina. Ine zotsala zija sindinazione.

Sabata yonseyi, poti kuyankhula sindingathe, ndakhala ndikuganiza.

Kodi ife oimba tinayamba liti kuopana chonchi? Mnzako akakhala ndi mbewu yabwino ya nsawa, umapita masana, umati odi, umapempha. Amakupatsa kambale, ndipo ukakolola umauza anthu kuti mbewu iyi ndinatenga kwa auje. Palibe amachita manyazi. Nanga bwanji pa nyimbo, imene timati tikuimbira Mulungu mmodzi, wina amatseka mazenera, wina amabisala kuseri kwa mpanda?

Ziwirizi zimadyetsana. Timabisa chifukwa ena amaba, ndipo ena amaba chifukwa akudziwa kuti akapempha amanidwa. Pamapeto pake wakubayo amanyamula chidutswa, chifukwa pampanda kapena pa foni yojambula mobisa m'thumba sipadutsa nyimbo yathunthu. Ndikudabwa kuti ndi nyimbo zingati zikuimbidwa m'matchalitchi athu Lamulungu lililonse zili zopanda denga, oimba ake akuuzidwa kuti ndi sitayelo.

Musandimve molakwa, sindikuti wopeka nyimbo alibe kanthu. AMwale anali ndi chifukwa chokwiyira. Munthu amene wakhala dzinja lonse akusakasaka mawu, akuyesa uku akupalira, ayenera kutchulidwa dzina. Chimene chinawapweteka si kuti nyimbo yawo yafika ku Katete, koma kuti yafika ngati maloto a munthu wina. Kodi pakamwa pamapsa munthu akanena kuti, "Nyimbo iyi ndi ya anzathu a ku Vubwi, tinapempha"?

Ndipo taganizani za nyimbo zonse zimene tinabisa bwino zaka zapitazi. Zili kuti lero? Tinaziimba kamodzi pa msonkhano, anthu anaomba m'manja, chaka chotsatira tinafuna ina yatsopano. Kwayamasitala atasamuka kapena kumwalira, zinapita naye. Pa maliro, pamene munthu amafunadi nyimbo, tonse timabwerera ku zakale zomwe zija za m'buku, chifukwa ndi zokhazo zimene aliyense amadziwa. Zimenezo zikanabisidwa m'mazenera otseka, bwenzi tikuika abale athu m'manda mwakachetechete.

Nyimbo ya aMwale sidzafa choncho. Lolemba ndinaimva pa chigayo, mayi wina wosadziwika akuiimba podikira ufa wake. Ankaimba sopulano.

Pali chinanso chimene chikundichititsa manyazi pang'ono pamodzi ndi kwaya yonse. Dailesi wakhala pa benchi yakumbuyo m'tchalitchi mwathu miyezi yonseyi. Tinkadziwa kuti ndi mwana wa kwayamasitala. Palibe mmodzi anamufunsa kuti, "Kwanu mumaimba zotani? Tiphunzitseniko." Amayi angati anabwera kuchitengwa m'midzi yathu, amuna angati ali pa chikamwini, atanyamula nyimbo za kwawo, ife n'kumangowapatsa ntchito yosesa tchalitchi?

Lachitatu tinakumananso ku pulakatisi. Ine ndinapita kukangokhala, poti mmero udakali wotseka. Dailesi anali pa mzere wa aluto, Mayi Sakala atamusungira malo. AMwale anatitumizira mawu kuti mbali zinayi zonse atiphunzitse ndi mwana wawo, bola poimba tizitchula kumene nyimboyo inachokera.

Ndinanong'oneza aTembo ndi timawu totsala kuti atiuzeko za maloto aja.

"Kulota ndinalota ndithu," anatero, osaseka. "Kungoti tsiku limenelo ndinagona pafupi ndi mpanda."

Atatero anapita kukatseka zenera, dzanja likungochita zimene linazolowera. Mayi Sakala anawagwira mkono. "Lisiyeni, amasitala. Wakuba tili naye m'kati momuno." Kwaya yonse inafa nacho chiseko, aTembo omwe anaseka, ndipo mazenera anakhala otsegula mpaka tinamaliza. Amayi awiri obwera kuchitsime anatula zidebe zawo panja n'kuima kumvetsera. Palibe anawathamangitsa.

Nanga inu a kwaya ya kwanuko, pulakatisi ikubwerayi mazenera anu adzakhala otseka kapena otsegula?